Kusankha mbaula ya gasi yamphamvu yophikira curry kuno ku Johannesburg

Abale ambiri a kwathu amene amagwira ntchito m'makhitchini a ku Fordsburg, Mayfair ndi Lenasia, curry amamudziwa bwino. Koma akati aphike curry yemweyo kunyumba, pa kachitofu ka m'chipinda, kukoma kuja sikutuluka. Masala ndi omwewo, nyama ndi yomweyo, dzanja ndi lomwelo, chasintha ndi moto. Zikatero munthu amathamangira kukagula mbaula yaukali kwambiri imene angaipeze, ndipo kawirikawiri amabwera ndi chinthu chosagwirizana ndi poto wake, silinda yake, ngakhale chipinda chimene akukhalamo.

Curry amafuna moto wa mitundu iwiri pa poto mmodzi. Poyamba amafuna waukali, kuti madzi otuluka mu anyezi, mu nyama ndi mu tomato aume msanga, zinthuzo ziyambe kukazingika m'mafuta. Kenako amafuna wochepa zedi, kuti nyama ya mbuzi kapena ya nkhosa izitokota pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri osagwira pansi. Mbaula zambiri zotchedwa zamphamvu zimatha ntchito yoyambayo basi. Mukazichepetsa zimazima, apo ayi zimakhalabe zaukali moti msuzi umauma nyama isanafewe. Pa katoni amalembapo pomwe mbaula imafika ikakwera. Pomwe imafika ikatsika salembapo, chonsecho pa curry mpofunika chimodzimodzi.

Ntchito ya moto waukulu m'poto

Chakudya chimayamba kufiira ndi kutulutsa fungo lokoma lija kutentha kukapitirira madigiri 140. Koma pansi pa poto pakakhala madzi, kutentha sikungadutse pomwe madzi amawirira. Anyezi pafupifupi 90 peresenti ndi madzi, nayonso nyama ikangokhudza poto wotentha imatulutsa ake. Kuti lita imodzi ya madzi owira iume pamafunika mphamvu yokwana 0.63 kWh (kWh imodzi ndi yuniti imodzi ija ya magetsi), ndipo mbaula ya gasi imafikitsa m'poto pafupifupi 40 peresenti yokha ya mphamvu yake, yotsalayo imathawira m'mbali. Tiyeni tiwerengetse. Puleti yaikulu ya chitofu wamba cha gasi ndi ya 3 kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya moto), ndiye kuti m'poto mukulowa 1.2 kW. Theka la lita ya madzi limauma m'mphindi 16 pamenepo. Pa mbaula ya 7 kW limauma m'mphindi 7. Nthawi yonse imene madziwo akadali m'poto, nyama ikuwiritsidwa, sikukazingidwa. Imatuwa, anyezi amangosungunuka osafiira, ndipo curry amamveka ngati nyama yowiritsa yothira masala.

Palinso kaphikidwe ka m'malesitilanti. Msuzi wa anyezi amauphikiratu wambiri, nyamanso kuiphikiratu, kenako mbale iliyonse amaipanga payokha m'kachiwaya ka aluminiyamu ka masentimita 24 kapena 26. Amathira mafuta masipuni atatu, adyo ndi jinja kwa theka la mphindi, masala ndi tomato wa m'chitini, kenako msuzi uja chipande chimodzi chimodzi. Chipande chilichonse amachisiya chiwire mwamphamvu mpaka mafuta atayandama ndipo m'mbali mwa chiwaya mwayamba kumata tofiira. Tofiirato amatipalira m'kati momwemo, ndipo kukoma kwa m'lesitilanti kumachokera mmenemo. Zonse zimatha m'mphindi 6 mpaka 8. Ena akaona malawi akutuluka m'chiwaya amaganiza kuti chinsinsi chili m'malawiwo. Amenewo ndi timadontho ta mafuta togwira moto, ndipo m'nyumba ndi ngozi chabe. Chofunika n'chakuti msuzi wozizira ukathiridwa, chiwaya chisaleke kuwira. Pa chiwaya chaching'ono chotere 4 kW kapena 5 kW imakwana, bola moto wonse ukhale pansi pa chiwayacho.

Manambala a pa katoni amasokoneza chifukwa kampani iliyonse imalemba m'njira yake. Ina imalemba kW, ina BTU, ina MJ pa ola, ina magalamu a gasi pa ola. Zonsezi zimasinthika mosavuta: 1 kW ndi BTU 3,412 pa ola, ndi 3.6 MJ pa ola, ndipo imadya gasi pafupifupi magalamu 72 pa ola. Mbaula yolembedwa 30,000 BTU ndi ya 8.8 kW, yolembedwa 500 g/h ndi ya 7 kW. Nambala ya magalamu ndiyo yothandiza kwambiri chifukwa imanena za m'thumba. Silinda ya 9 kg pa mbaula ya 500 g/h yotsegulidwa yonse imatha m'maola 18. Pa mbaula ya 20 kW imatha m'maola 6 okha.

Mbaula zimene mudzapeze m'masitolo

Timbaula tija tomangirira pamwamba pa silinda yaing'ono, ndi tija ta kachitini ka butane kolowetsa pambali, tisiyeni. N'tabwino pa tiyi ndi pa kandiwo kochepa. Poto wamkulu pa katofu komangirira pa silinda sachedwa kugwa, ndipo pa ka kachitini, poto wotambalala amaphimba malo a kachitiniko n'kukatenthetsa mpaka kuphulika.

Chitofu cha m'khitchini chokhala ndi puleti ya wok (chiwaya chakuya chozungulira pansi) ndi chiyambi chabwino kwa amene ali m'flat. Puleti imeneyi imakhala ndi mizere iwiri kapena itatu ya malawi, ndipo mphamvu yake imakhala pakati pa 3.5 kW ndi 5 kW. Pa curry wa banja la anthu anayi, kapena kaphikidwe ka kachiwaya kaja, imakwana ndithu. Sankhani chokhala ndi kachitsulo kotseka gasi moto ukazima. Kamaoneka ngati kansonga koima pambali pa puleti, ndipo mumakazindikira poyatsa chifukwa mumayenera kukanikiza batani kwa masekondi angapo moto usanakhazikike. Msuzi ukasefukira n'kuzimitsa moto wochepa uja inu muli kunja, kameneka ndi kamene kamapulumutsa nyumba.

Kwa wophika nyama yoposa kilogalamu imodzi ndi theka, kapena wolandira maoda a kumapeto kwa sabata, imene ndimaivomereza ndi mbaula ya chitsulo cholemera chija cha cast iron, ya mikombero ya moto iwiri kapena itatu. M'masitolo monga Builders ndi Makro, kapena kwa ogulitsa gasi, amaitchula kuti boiling ring, double ring kapena triple ring, ndipo ikakhala ndi tebulo lake lachitsulo amati boiling table. Chofunika kuyang'ana n'chakuti mkombero uliwonse ukhale ndi kampopi kakekake. Amene anaphikapo pa nkhuni akudziwa kuti ndiwo zikawira sitizimitsa moto, timangosolola zikuni ziwiri n'kusiya chimodzi. Timipopi timeneti timagwira ntchito yomweyo: mumatsegula tonse pokazinga nyama, kenako mumatseka takunja n'kusiya kam'kati kokha, nakonso mutakachepetsa. Mbaula ya mikombero itatu yokhala ndi mpopi umodzi siingatsike mokwanira, chifukwa gasi wochepa akagawanika m'mabowo ambirimbiri, lawi lililonse limafupika mpaka kamphepo kochepa kamalizimitsa. Pa nyumba, yapakati pa 5 kW ndi 8 kW ndi yokwana. Kupitirira pamenepo mukugula mphamvu imene poto wanu sangailandire.

Zomaliza ndi za high pressure, za gasi wotuluka mwamphamvu kwambiri, zija zimalira mokokoma. Izi zimafika 20 kW, zina kuposerapo, ndipo zimayendera regulator (kachipangizo komangira pa silinda kochepetsa mphamvu imene gasi amatulukira) yosinthika, yokhala ndi chopotokola pamwamba. Ntchito yake ndi ya wok weniweni, kapena mapoto a malita 50 a pa ukwati ndi pa maliro. Malo ake ndi panja basi. Pa curry wa kunyumba ndimaona kuti zimaononga zambiri kuposa zimene zimakonza: masala aufa amapserera m'masekondi ochepa n'kuwawitsa poto yense, pakati pa poto pamapsa m'mbali musanatenthe, ndipo kutokota kwa maola awiri kuja sizikutha.

Kukula kwa mkombero kugwirizane ndi poto. Tengani tepi muyeze pansi pa poto amene mumaphikira kawirikawiri musanapite kusitolo. Mkombero wakunja uchepe ndi masentimita asanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi pansi pa potoyo. Mbaula yaikulu pansi pa chiwaya chaching'ono imangotentha chogwirira ndi dzanja lanu, pakati pali zii, ndipo mbaula ya 4 kW ya moto wosonkhana pamodzi imaiposa. Poto nayenso akhale wokhuthala pansi. Mapoto opyapyala aja amapsereza masala ngakhale pa mbaula yabwino.

Za kuno kumtunda

Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa ngakhale pa boma la Dedza. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, okosijeni wake ndi wocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi ku Durban. Izi zimakhudza wophika m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya lawi. Mbaula imakoka yokha mpweya: gasi amatuluka mothamanga pa kabowo kakang'ono kotchedwa jet, n'kukokera mpweya m'chubu cholowera ku mkombero. Okosijeni akachepa, gasi sapsa yense, mbaula siifika pa nambala ya pa katoni, ndipo nsonga za malawi zimakhala zachikasu. N'chifukwa chake kuno musagule mbaula yopanda chosinthira mpweya. Ndi kachitsulo kozungulira kapena kotsetsereka pakamwa pa chubu chija, pafupi ndi kampopi. Kukonza kwake n'kosavuta. Yatsani mkombero umodzi, khazikani poto wa madzi pamwamba chifukwa lawi limasintha likakhala ndi poto, masulani kasikuluwu, kenako tsegulani kachitsuloko pang'onopang'ono mpaka chikasu chitatha, lawi lonse likhale labuluu lokhala ndi kamtima kowala m'kati. Likayamba kulira ndi kudumpha kuchoka pa mabowo, mpweya wachuluka, bwezaniko pang'ono. Mangani sikuluwu, chitani chimodzimodzi pa mkombero wina. Timalawi ta olenji tongothwanima apa ndi apo si vuto, timabwera ndi fumbi kapena mchere. Vuto ndi chikasu chokhazikika chosiya mwaye pansi pa poto.

Yachiwiri ndi ya madzi. Kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100. Nyama ya mbuzi, nyemba, nandolo ndi dhal (nyemba zogawa pakati zija za amwenye) zimachedwa kufewa kuposa ku gombe, ndipo palibe mbaula imene ingasinthe zimenezi. Kuwonjezera moto kumangoumitsa msuzi, kutentha kwa m'poto kumakhalabe komweko. Amene akufuna mbaula yamphamvu chifukwa chakuti nyama ikuchedwa kupsa akufuna chinthu cholakwika. Iyeyo agule pressure cooker, poto wotsekera nthunzi m'kati. Akazinge pa moto waukulu, kenako atseke.

Silinda, regulator ndi paipi

Mbaula ndi gawo limodzi chabe. Gasi amachoka m'silinda, kudutsa mu regulator, m'paipi, mpaka pa jet, ndipo chimodzi mwa izi chikachepa, moto umachepa ngakhale mbaulayo ikhale yodula.

Regulator ya m'nyumba muno mu South Africa ndi ya 2.8 kPa (kPa ndi muyeso wa mphamvu imene gasi akukankhira), ndipo boiling ring wamba anapangira imeneyo. Pa regulator pamalembedwanso kuchuluka kwa gasi amene imatha kudutsitsa pa ola. Ya 1 kg/h imakwana mbaula ya 500 g/h, koma mukalumikiza mbaula ziwiri muziphatikiza manambala ake. Musasakanize mitundu. Regulator ya high pressure pa mbaula ya 2.8 kPa imakankha gasi wochuluka kuposa amene jet ndi timipopi tinapangidwira, malawi amachoka pa mabowo ndipo gasi wosapsa amafalikira. Regulator ya 2.8 kPa pa mbaula ya high pressure imapereka kamoto kofooka kachikasu, chifukwa jet yake ndi yaing'ono kwambiri. Masilinda a 9 kg, 14 kg, 19 kg ndi 48 kg amalandira regulator yotchedwa bullnose, ndipo imamangidwa mopotolera kumanzere, mosiyana ndi masikuluwu wamba. Pamphuno pake pali kamphira. Kameneka kakang'ambika kapena kugwa, gasi amatuluka pomwepo ngakhale mumange chotani, ndiye sungani tapadera tiwiri m'kabati.

Ena a inu mukukhala m'nyumba zolandira gasi wa m'mapaipi wa Egoli Gas. Ameneyo ndi gasi wamtundu wina, ndipo jet yake ndi ya bowo lalikulupo. Mbaula ya gasi wa m'silinda siigwira bwino pa ameneyo, ndipo ya Egoli mukailumikiza ku silinda imatulutsa malawi aatali amwaye. Kusintha jet ndi ntchito ya mmisiri wa gasi.

Paipi ikhale ya olenji ija yopangidwira gasi, yolembedwa SANS 1156-2, yosapitirira mamita awiri, yopanda cholumikiza pakati, yosadutsa pakhoma, ndipo mbali zonse ziwiri imangidwe ndi ma clamp achitsulo. Waya kapena mphira ya chubu cha njinga si zomangira gasi. Paipi ya m'munda kapena yoyera ija ya madzi imadyeka ndi gasi. Iyendetseni kutali ndi pansi pa mbaula, chifukwa cast iron imatenthanso chotsika. Muziipinda nthawi ndi nthawi: ikaonetsa ming'alu kapena ikauma gwa, sinthani.

Tsopano silinda. M'kati mwake gasi ndi wamadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya amayenera kuwira, kutentha kwake akukutenga m'chitsulo cha silindayo. Mukamakoka wambiri nthawi imodzi, silinda imazizira, imachita thukuta, nthawi zina mpaka chisanu choyera m'munsi, ndipo moto umayamba kufooka gasi akadalimo. Gasi wa kuno ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, koma butane amaleka kuwira pafupi ndi ziro. M'mawa wa mu June ndi July, pomwe ku Joni kumazizira mpaka kufika pafupi ndi ziro, silinda yaing'ono yotsala pang'ono kutha siingadyetse mbaula ya 8 kW kwa nthawi yaitali. Mankhwala ake ndi silinda yokulirapo, monga ya 19 kg, kapena yodzaza. Osaigoneka, osaigwedeza moto ukuyaka, osaithira madzi owira, osaiyandikiza ku moto. Silinda yogonekedwa imatumiza gasi wamadzi mu regulator, ndipo amakatuluka pa mbaula ngati lawi lalikulu losaletseka.

Muphikira pati?

Funso ili liyankhidwe ndalama isanatuluke, chifukwa ambiri a ife tikukhala m'chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni, kapena m'flat ku Yeoville, Hillbrow, Rosettenville. Kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa nthunzi ya madzi yoposa lita imodzi ndi theka, komanso makilogalamu atatu a carbon dioxide. Mbaula ya 10 kW imatha okosijeni wa mu mpweya wokwana ma cubic metre 11 pa ola. Chipinda cha mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi ndi 2.4 chokwera chili ndi ma cubic metre 22. Ndiye kuti pa ola limodzi, zenera lili chitsekere, yadya theka. Isanafike n'komwe pamenepo lawi limakhala litayamba kale kutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Wina akamva zimenezi mukuphika, zimitsani, tulukani nonse panja, ndipo ngati wakomoka imbani 112 pa foni ya m'manja. Ndikupemphani, abale anga, mbaula ya mikombero itatu isayake m'chipinda chogona ana, ndipo isasanduke chowothera m'nyengo yozizira. M'khitchini yeniyeni, zenera ndi chitseko zikhale zotsegula, chifukwa utsi wa tsabola wokazinga nawonso ndi wotsamwitsa.

Malamulo a dziko lino, mu SANS 10087-1, amalola gasi wosapitirira 9 kg m'kati mwa flat, ndi wosapitirira 19 kg m'kati mwa nyumba yapayokha. Silinda ya panja italikirane ndi chitseko kapena zenera ndi mita imodzi, ndipo ndi ngalande kapena dreni ndi mamita awiri. Chifukwa chake n'chakuti gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi n'kukasonkhana m'maenje. Chitofu chomangirira m'khitchini, kapena paipi ya kopa yodutsa khoma, aike ndi mmisiri wolembetsedwa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi, ndipo akupatseni Certificate of Conformity, pepala lotsimikiza kuti waika motsata malamulo. Popanda pepala limeneli a inshulansi akhoza kukana kulipira moto ukabuka. Funsaninso mwini nyumba kapena oyang'anira flat, chifukwa nyumba zina zili ndi malamulo awoawo. Pa mbaula yeniyeniyo yang'anani nambala ya chilolezo cha LPGSA, bungwe loona za gasi wa m'masilinda. Zotchipa zina zogulitsidwa m'misika zilibe, ndipo timipopi take timayamba kudontha gasi zisanathe n'komwe chaka.

Panja napo pali zake. Ikani mbaula pa simenti kapena pa njerwa zosalala, osati pa tebulo lamatabwa kapena lapulasitiki. Poto wa malita 30 wodzaza amalemera kuposa makilogalamu 30, ndiye tebulo lake likhale lalifupi ndi lotambalala miyendo. Mphepo ya mu August imaba moto wochuluka kuposa mmene ambiri amaganizira. Tchingani mbali zitatu ndi lata, musiye mpata pansi woti mpweya uzilowa, ndipo silinda ndi paipi zikhale kunja kwa tchingolo. Musafupikitse zitsulo zokhazikapo poto pofuna kuti moto uyandikire. Poto akakanikiza lawi, gasi sapsa yense, mumapeza mwaye ndi carbon monoxide, kutentha n'kucheperanso.

Tsiku loyamba mukalumikiza, sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, tsekani timipopi tonse, tsegulani valavu ya silinda, ndipo pakani thovu pa valavu, pa regulator, pa ma clamp onse ndi pa kampopi kalikonse. Pakafufuma thovu, pamenepo pakudontha. Osayesa ndi machesi. Poyatsa, moto uyambe wafika pa mkombero kenako mutsegule kampopi, ndipo yambani ndi mkombero wam'kati pogwiritsa ntchito choyatsira chachitali. Valavu ya silinda siifuna kutsegulidwa mpaka kumapeto, kupotokola kamodzi ndi theka n'kokwana, ndipo imatsekeka msanga pakagwa ngozi. Kenako chitani mayeso amene adzakuuzeni ngati mwagula bwino. Wiritsani malita awiri a madzi m'poto wanu wa curry, vundikirani, tsekani mikombero yakunja, chepetsani wam'kati mpaka pomwe ungafike osazima. Madzi azingoti phwa, phwa, mwa apo ndi apo. Ngati akugadukabe, ikani chitsulo chafulati, monga tawa yophikira chapati, pakati pa moto ndi poto.

Mbaula yomwe inkayaka bwino ikasintha khalidwe, kawirikawiri chifukwa chake n'chaching'ono. Mbali ina ya mkombero ikaleka kuyaka, mabowo atsekeka ndi msuzi wosefukira kapena dzimbiri: ikazizira ikwecheni ndi burashi ya waya, boolani ndi kawaya, igadabuzeni mukhuthule zinyalala. Moto ukangosanduka wachikasu mwadzidzidzi itakhala nthawi osagwira ntchito, suzumirani m'chubu, akangaude amakonda kumangamo. Ikaphulika kuti phu n'kuyamba kulira m'kati mwa chubu, moto wabwerera ku jet: tsekani msanga, idikireni izizire, chepetsani mpweya pang'ono, ndipo musamaichepetse mopitirira. Jet yotsekeka ipemerereni kapena itsukeni, osaikulitsa ndi singano kapena msomali. Bowo likakula ngakhale pang'ono, gasi amachuluka kuposa mpweya, ndipo mbaulayo siidzayakanso buluu mpaka mutagula jet ina.

Mmene timipopi timayendera pa curry wa mbuzi

Titenge nyama kilogalamu imodzi ndi theka, poto wokhuthala wa masentimita 30, mafuta mamililita 120, anyezi atatu akuluakulu ndi tomato anayi. Tenthetsani mafuta pa mkombero wam'kati wokha. Ponyani njere imodzi ya mpiru: ikathetheka, mafuta afika. Thirani zonunkhiritsa zosapera, jeera (cumin), sinamoni, njere za mpiru ndi masamba a curry, kwa masekondi 20 mpaka 30. Mafuta akayamba kufuka utsi musanathire, atentha mopitirira, ndipo jeera adzada nthawi yomweyo. Thirani anyezi, tsegulani mkombero wachiwiri, takasani kwa mphindi 8 mpaka 10 mpaka afiire. Tsekani wachiwiriwo musanathire adyo, jinja ndi masala aufa. Apa ndi pomwe mapoto ambiri amaonongekera, chifukwa ufa wa tsabola ndi chikasu sizipirira moto waukali, ndipo poto wokhuthala amasungabe kutentha ngakhale mwatseka kampopi. Sungani kapu ya madzi pafupi, akayamba kugwira pansi donthezani masipuni awiri. Theka la mphindi kapena mphindi imodzi n'lokwana.

Nyama ilowe itaumitsidwa bwino ndi kansalu, ndipo tsopano tsegulani zonse. Ngati poto ndi wochepa, ikazingeni magawo awiri, chifukwa nyama younjikana imatulutsa madzi mofulumira kuposa mmene moto ungaumitsire. Takasani mpaka madzi atauma ndipo mafuta aonekera m'mbali. Thirani tomato, pitirizani mpaka mafuta aonekerenso. Mukatero thirani madzi otentha ongofika pamwamba pa nyama, awire, tsekani mikombero yakunja, chepetsani wam'kati, vundikirani. Mbatatesi zilowe kutatsala theka la ola. Mukawerengetsa mupeza kuti moto wonse wayaka mphindi zosapitirira 20, ndipo gasi amene wapita pa curry yenseyo ndi wochepa kwambiri kuposa nambala ya pa katoni ija.

Chivundikiro cha poto chizikhala pafupi nthawi yonse yokazinga. Mafuta akagwira moto, tsekani gasi, vundikirani, musiye osatsegula mpaka azizire. Madzi pa mafuta oyaka amamwaza moto mpaka kudenga. Mukamaliza kuphika tsekani ku silinda poyamba, gasi wa m'paipi apse athe, kenako timipopi.

Pokasinthitsa silinda, chidindo cha pulasitiki cha pa valavu chikhale chosang'ambika ndipo dzina lake lifanane ndi la pa silindayo, kaya ndi Afrox, Easigas, Totalgaz kapena Oryx. Odzaza mozemba ena amapereka wopereweza, ena amadzazitsa mopitirira 80 peresenti yovomerezeka, ndipo silinda yodzazitsa ikakhala padzuwa gasi amasowa malo ofufumira. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunadindidwa pa chitsulo chake. Ikani pa sikelo, chotserani nambala imeneyo, chotsala ndi gasi amene mwalipira.